Disiki ya sipeya mu seva: pamene imapulumutsa ndi pamene imagwiritsa mwala

Amene munakwerapo lole yonyamula chimanga mukudziwa kuti kumbuyo kumakhala matayala awiriawiri. Limodzi likaphwa, galimoto siima. Linzake limasenza katundu yense, ndipo dalaivala wosatchera khutu akhoza kuchoka pa Dedza mpaka kukafika pa Ntcheu osadziwa kanthu. Zinthu zimavuta pamene lotsalalo, limene tsopano lasenza mtolo wa awiri, latentha n'kuphulika nalonso. Apo m'pamene anthu amayamba kufunsana ngati sipeya ilipo, ngati ili ndi mpweya, ndiponso ngati jeke inanyamulidwa.

Maseva a m'mabanki, m'zipatala, m'masukulu aukachenjede, ngakhale timabokosi ta Synology kapena QNAP timene timakhala pakona m'maofesi ang'onoang'ono, amasunga mafayilo mwa nzeru yomweyi. Madisiki angapo amamangidwa gulu limodzi kuti kompyuta iziwaona ngati disiki imodzi yaikulu, ndipo imodzi ikafa ntchito imapitirira. Njirayi imatchedwa RAID. Ogulitsa amaikamba ngati katemera wa imfa ya disiki. Ine ndimaiona ngati katapila wa nthawi: imakukongozani maola kapena masiku owerengeka kuti mukonze zinthu, ndipo mukachedwa kubweza imakulandani zonse.

Dzinali linachokera ku University of California, ku Berkeley. Mu 1988 David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz anatulutsa pepala lotsutsa chizolowezi cha nthawiyo chodalira disiki imodzi yaikulu ndi yodula ngati IBM 3380. Iwo anati kuli bwino kusonkhanitsa timadisiki totchipa ta makompyuta wamba, ta ma megabyte 100 kamodzi, n'kutigwiritsa ntchito limodzi. Liwiro likwera, mtengo utsika. Koma msampha wake anauona okha: madisiki akachuluka pakhomo, maliro amachulukanso. Choncho panafunika njira yosungira zinthu mobwereza kuti imfa ya disiki imodzi isaphe gulu lonse. Chilembo cha I mu dzina la RAID (Redundant Array of Inexpensive Disks) poyamba chinkaimira mawu otanthauza "otchipa", koma pambuyo pake makampani anachitembenuza kuti chizitanthauza "odziimira paokha". Ndani angafune kuti katundu wake azitchedwa wotchipa?

Masamu a m'kope la banki mkhonde

Mitundu ya RAID ndi yambiri koma imene mungakumane nayo ndi yowerengeka. RAID 0 imamwaza fayilo zidutswazidutswa pa madisiki onse popanda kubwereza kanthu; imathamanga, koma disiki imodzi ikafa zonse zapita, ndiye sitiikamba zambiri. RAID 1 imalemba chinthu chimodzi pa madisiki awiri nthawi imodzi. RAID 10 imatenga mapasa oterewa angapo n'kumwaza mafayilo pakati pawo. Izi n'zosavuta kumva, ndipo mtengo wake n'ngoonekeratu: theka la malo amene mwagula limapita ku kubwereza.

RAID 5 ndi RAID 6 ndi zimene zimafuna kufotokoza. Tiyerekeze amayi atatu aponya ndalama ku banki mkhonde: woyamba K5,000, wachiwiri K8,000, wachitatu K2,000. Mlembi walemba zonse m'kope, pansi pake n'kuika kuti zonse pamodzi ndi K15,000. Usiku denga ladontha, nambala ya mayi wachiwiri yafufutika. Palibe chodandaulitsa: muchotsa 5,000 ndi 2,000 pa 15,000, yotsalayo ndi yake. Mzere umodzi wa pansi uja wateteza mizere itatu. Koma zikafufutika nambala ziwiri, mungodziwa kuti awiriwo anaponya K10,000 kapena K13,000 pamodzi, osadziwa kuti aliyense anaponya zingati, ndipo mkangano wake sutha.

Mzere wa pansiwo pa madisiki umatchedwa parity. Kompyuta siphatikiza monga mlembi uja, imagwiritsa ntchito masamu otchedwa XOR, koma nzeru yake ndi yomweyo. RAID 5 imafuna madisiki osachepera atatu, imawononga malo a disiki imodzi posunga parity, ndipo imapirira imfa imodzi yokha. Parity imeneyo sikhala pa disiki imodzi ayi, imamwazidwa pa onse kuti pasakhale imodzi yolemedwa kuposa inzake. RAID 6 imasunga mizere iwiri ya parity yowerengedwa m'njira zosiyana, imafuna madisiki osachepera anayi, ndipo imapirira imfa ziwiri.

Disiki ikafa, gululo limalowa m'khalidwe limene makina amalemba kuti degraded. Anthu a mu ofesi saona kusintha kulikonse, mwina kungochedwa pang'ono, chifukwa nthawi iliyonse imene wina wapempha kachidutswa kamene kanali pa disiki yakufayo, makina amakawerengetsa pompopompo kuchokera kwa otsala. Ubwino wa RAID ndi umenewu, ndipo kuipa kwake ndi komweku. Imabisa matenda.

Nyale zitatu zachikasu

Chaka china mu Okutobala ndinaitanidwa ku ofesi ina kumene mafayilo onse a akawunti anasowa m'mawa umodzi. Seva inali m'kachipinda kosungiramo mapepala ndi mipando yothyoka, kopanda windo, kotentha ngati uvuni. Fumbi linali litatseka timabowo topumira. Kutsogolo kwake kunali madisiki asanu, ndipo pa atatu mwa iwo panali timagetsi tachikasu.

Ndinafunsa mayi wa pa risepushoni ngati timagetsito tayamba lero. "Ayi achimwene," anatero, "kamodziko kakhala kakuyaka kuyambira chaka chatha. Kenako nthawi ya mvula kanayamba kulira, koma abwana anati tikazimitse kulirako, kamasokoneza misonkhano."

Nditawerenga zimene makinawo ankalemba, nkhani yonse inaoneka. Amene anaika sevayo anachita bwino ndithu: madisiki anayi pa RAID 5, yachisanu ya sipeya. Disiki yoyamba itafa, sipeya inalowa yokha m'malo mwake, gulu linachira, palibe anadziwa. Yakufayo inangokhala momwemo. Yachiwiri itafa panalibenso sipeya, ndipo makina anayamba kulira mpaka anawatseka pakamwa. Maimelo ochenjeza ankapita tsiku ndi tsiku ku adiresi ya mnyamata wa IT amene anasiya ntchito kalekale. Sevayo inayenda miyezi yambiri pa tayala limodzi. Yachitatu itafa, m'pamene foni yanga inalira.

Makinawo anachita zonse zimene anapangidwira. Anapereka mpata kawiri. Chinasowa ndi munthu wolandira mpatawo.

Nthawi yoopsa ndi yomanganso

Ambiri amaganiza kuti ngozi yatha pamene disiki yatsopano yalowa. Kunena zoona, m'pamene ngozi yeniyeni imayamba. Kuti disiki yatsopanoyo idzazidwe, makina ayenera kuwerenga kachigawo kalikonse ka madisiki onse otsala, kuyambira koyamba mpaka kotsiriza, n'kuwerengetsa zimene zinali pa yakufayo. Ntchito imeneyi imatchedwa rebuild, ndipo pa ZFS, pulogalamu ina yosungira mafayilo pa gulu la madisiki, amati resilver. Madisiki amene atopa kale, a msinkhu umodzi ndi amene wafayo, amagwira ntchito yolemetsa kuposa tsiku lina lililonse pa moyo wawo, ndipo pa RAID 5 nthawi yonseyi palibe chowateteza.

Kutalika kwake mukhoza kuwerengetsa nokha. Disiki ya 16 TB yolembedwa pa liwiro la 200 MB pa sekondi imafuna masekondi 80,000, amene ndi maola opitirira pang'ono 22. Apo n'kuti seva sikuchita china chilichonse. Anthu akamagwira ntchito, liwiro limatsika ndipo masiku awiri kapena atatu sachedwa kukwana. Pa Linux pali malire awiri a liwiro la kumanganso, speed_limit_min ndi speed_limit_max, amene mwachibadwa amakhala pa 1,000 ndi 200,000 KB pa sekondi. Seva ikatanganidwa, kumanganso kumatha kutsikira kufupi ndi malire apansiwo, ndipo pa liwiro limenelo disiki yaikulu ingatenge miyezi. Wosamalira wanzeru amakweza malirewo, n'kupempha anthu kuti apirire kuchedwa kwa tsiku limodzi.

Pali chinanso. Opanga madisiki wamba amalemba pa mapepala awo kuti disiki ikhoza kulephera kuwerenga kachidutswa kamodzi pa ma bit 10 wochulukitsidwa ndi iye mwini ka 14, amene ndi pafupifupi 12.5 TB. Madisiki a maseva amalembedwa kuti ndi abwino kakhumi kuposa pamenepo. Tsono ngati muli ndi madisiki anayi a 8 TB pa RAID 5, imodzi ikafa muyenera kuwerenga 24 TB popanda kuphonya. Mu 2007 mlembi wa za makompyuta Robin Harris anagwiritsa ntchito masamu oterewa kunena kuti RAID 5 idzasiya kuthandiza pofika 2009. Sizinaipe mpaka pamenepo, chifukwa madisiki ambiri amachita bwino kuposa zimene pepala limalonjeza, ndipo magulu ambiri a RAID 5 amamangidwanso bwinobwino mpaka lero. Koma mfundo yake inali yoona: madisiki akula mofulumira kuposa liwiro lawo, choncho mpata wa ngozi ukungotalika chaka ndi chaka.

Kachidutswa kowonongeka kamene kakhala chete kwa miyezi pamalo amene palibe amawerenga, kamadzaonekera tsiku lomanganso, tsiku limene kulibe kwina kokatenga cholowa m'malo mwake.

Sipeya yotentha, sipeya ya pa shelefu

Disiki ya sipeya ilipo mitundu iwiri. Hot spare imakhala mkati mwa seva, yolumikizidwa ndi yoyaka, koma yopanda kanthu. Inzake ikangofa, imalowa yokha ngakhale pakati pa usiku wa Khirisimasi. Cold spare imakhala m'kabati, m'pepala lake, kudikira munthu. Pa makhadi a RAID, tizipangizo ta mkati mwa seva toyendetsa gulu la madisiki, monga Dell PERC, HPE Smart Array kapena MegaRAID ya Broadcom, hot spare ikhoza kupatulidwira gulu limodzi, kapena kukhala ya magulu onse a pa khadilo, woyamba kudwala ndiye amaitenga. Pa Linux, pulogalamu yoyendetsa RAID yotchedwa mdadm imene Neil Brown anayamba kulemba mu 2001 imalola magulu angapo kubwerekana sipeya ngati mwawalemba pa spare-group imodzi, bola mdadm ikhale ikuyenda mwa ulonda. Pa ZFS sipeya silowa yokha ngati kapulogalamu kolondera, kamene pa Linux kamatchedwa ZED, sikakuyenda. Ambiri amaika sipeya n'kuiwala mlondayo.

Chimene hot spare imachita ndi chimodzi basi: imachotsa nthawi yodikira munthu. Siifupikitsa kumanganso ngakhale ndi mphindi imodzi, ndipo siteteza gulu pa nthawi yomanganso.

N'chifukwa chake ndimatsutsana ndi anthu amene amaika RAID 5 pamodzi ndi hot spare. Tengani seva ya malo asanu ndi limodzi, disiki iliyonse 8 TB. Mukaika asanu pa RAID 5 ndi imodzi ya sipeya, mupeza 32 TB. Mukaika onse asanu ndi imodzi pa RAID 6, mupezanso 32 TB. Ndalama zofanana, malo ofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti pa njira yoyamba disiki yachisanu ndi chimodzi ikungokhala, ndipo tsiku la tsoka iyenera kudzazidwa kwa maola ambiri pamene gulu lili pambalambanda. Pa njira yachiwiri disikiyo inadzazidwa kale, ikugwira ntchito, ndipo yoyamba ikafa chitetezo chikadalipo. RAID 6 imachedwerako polemba, n'zoona, koma pa seva ya mafayilo a mu ofesi simudzaona kusiyanako. Ngati muli ndi database yolemba kosalekeza, pitani ku RAID 10, imene imamanganso mwa kungokopera kuchokera kwa mnzake wa disiki yakufayo popanda kuvutitsa gulu lonse.

Palinso akatswiri ena amene safuna n'komwe kuti RAID 5 iyambe kumanganso yokha. Amati disiki ikafa, choyamba n'kuonetsetsa kuti backup ya dzulo, kope la mafayilo losungidwa kwina, ilipo ndipo ikutseguka, kenako n'kuyamba ntchito yolemetsayo maso ali pompo. Pamalo pamene pali munthu tsiku lililonse, maganizo amenewa ndi omveka. Pa seva imene ili ku nthambi yakutali, kumene katswiri amafikako kamodzi pa mwezi, hot spare ndi yofunika ndithu.

OpenZFS 2.1, imene inatuluka mu 2021, inabweretsa njira yotchedwa dRAID. M'malo mosunga disiki yathunthu yopanda kanthu, malo a sipeya amamwazidwa pang'onopang'ono pa madisiki onse. Imodzi ikafa, onse otsala amawerenga ndi kulemba limodzi, ngati anthu ambiri akulima munda umodzi, ndipo chitetezo chimabwerera msanga kwambiri kusiyana n'kudikira disiki imodzi kuti imeze zonse. Njirayi inapangidwira magulu a madisiki makumimakumi. Ofesi ya madisiki anayi siipindula nayo.

Mmene sipeya imakhumudwitsira

Choyamba ndi kukula. Sipeya iyenera kufanana kapena kuposa disiki imene ikulowa m'malo mwake, ndipo madisiki awiri olembedwa kukula kofanana ochokera ku makampani osiyana nthawi zina amasiyana pang'ono. Ikachepa ngakhale ndi kachigawo kamodzi, makina amaikana. Amene amamanga RAID ya Linux amakonda kusiya kampata kochepa kumapeto kwa disiki iliyonse pa chifukwa chimenechi. Zimachitikanso kuti madisiki a gulu anasinthidwa n'kuikamo akuluakulu, sipeya yakale n'kuiwalika momwemo.

Chachiwiri ndi mtundu. Mu 2020 zinadziwika kuti Western Digital inkagulitsa madisiki ena a WD Red, a pakati pa 2 TB ndi 6 TB, opangidwa mwa njira ya SMR popanda kunena poyera. Pa SMR mizere yolembapo imasanjikizana ngati malata a padenga, kotero kusintha mzere umodzi kumafuna kulembanso oyandikana nawo. Pa ntchito yopepuka simungadziwe, koma pomanganso gulu, pamene kulemba sikuleka kwa maola ambiri, madisiki oterewa ankachedwa koopsa ndipo ena ankatayidwa m'gulu, makamaka pa ZFS. Anthu atadandaula, kampaniyo inayamba kulemba madisiki a njira yakale ya CMR ndi dzina la Red Plus. Pogula sipeya, funsani za zilembo zitatuzi.

Madisiki a makompyuta a patebulo ali ndi khalidwe lina losayenera m'gulu. Akapeza kachigawo kovuta kuwerenga, amalimbana nako kwa nthawi yaitali, pamene Linux mwachibadwa imadikira masekondi 30 okha isanaganize kuti disiki yasiya kuyankha. Madisiki opangidwira RAID amagonja pakatha masekondi 7 n'kuuza makina kuti akatenge kachidutswako kwa anzawo. Disiki yamoyo ikhoza kutulutsidwa m'gulu chifukwa cha liuma basi.

Chachitatu, chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonse, ndi ubale. Masamu a RAID amayerekeza kuti disiki iliyonse imafa payokha, pa nthawi yake. Koma madisiki a mu seva imodzi kawirikawiri anapangidwa sabata imodzi, anabwera m'katoni imodzi, anagwedezeka pa msewu umodzi, ndipo amva kutentha kofanana kuyambira tsiku loyamba. Mu 2007 Bianca Schroeder ndi Garth Gibson uja, ali ku Carnegie Mellon University, anaunika mbiri ya madisiki pafupifupi 100,000. Anapeza kuti ngakhale mapepala a opanga ankasonyeza kuti osapitirira 0.88 peresenti angafe pa chaka, m'malo ambiri ankasintha 2 mpaka 4 peresenti, kwina mpaka 13. Anapezanso kuti imfa zimakonda kubwera motsatizana.

Chitsanzo choopsa chinaoneka mu Novembala 2019, pamene kampani ya HPE inachenjeza kuti ma SSD ake ena, madisiki opanda zozungulira mkati, adzafa akangokwanitsa maola 32,768 akuyaka, kutanthauza zaka 3, masiku 270 ndi maola 8, chifukwa cha cholakwika mu firmware, kapulogalamu ka mkati mwa disikiyo. Amene amalemba mapulogalamu nambalayi amaizindikira msanga: ndi 2 wochulukitsidwa ndi iye mwini ka 15. Madisiki amene anayatsidwa tsiku limodzi akanafa pafupifupi nthawi imodzi, RAID 6 kapena RAID 10 osathandiza kanthu. Ndipo hot spare imene inayatsidwa limodzi nawo inali kuwerenga maola omwewo. Mu 2020 kunatulukanso chenjezo lofanana la maola 40,000. Phunziro lake ndi losavuta kunena ngakhale limavuta kwa a ofesi yogula zinthu: sipeya muigule nthawi ina, kwa wogulitsa wina ngati n'kotheka, ndipo zilengezo za firmware muziziwerenga.

Kuno kwathu cold spare ili ndi kulemera kumene mabuku a kunja sakuona. Iwo amalemba poganiza kuti mukaimba foni, disiki ifika mawa kapena pakatha maola anayi. Ku Lilongwe kapena ku Chipata, disiki ya SAS, mtundu wa m'maseva, yokwanira m'kabati ka seva yanu mwina iyenera kuitanitsidwa ku Johannesburg kapena ku Dubai. Muyambe mwapeza makoteshoni atatu, abwana asayine, ndalama zakunja zipezeke, katundu adutse pa kasitomu. Masabata angapo atha gulu likuyenda motsimphina. Disiki imodzi kapena ziwiri zogulidwa pamodzi ndi bajeti ya seva, zoyesedwa kenako n'kusungidwa m'kabati yokiya, zimachotsa ulendo wonsewu. Ndati zoyesedwa, chifukwa disiki yatsopano imathanso kufika yakufa kale.

Kuyendera odwala asanagone

Madisiki ali ndi njira yodziyeza okha yotchedwa SMART, ndipo pulogalamu ya smartctl imaonetsa zotsatira zake. Kampani ya Backblaze, imene yakhala ikufalitsa ziwerengero za imfa za madisiki ake kuyambira 2013, imayang'ana kwambiri manambala asanu: 5, 187, 188, 197 ndi 198. Nambala 5 imawerenga zigawo zimene zinawonongeka n'kusamutsidwa, 197 imawerenga zimene zikukayikitsa. Zikayamba kukwera, musadikire.

Koma chakudza sichiimba ng'oma nthawi zonse. Akatswiri a Google, pa kafukufuku wawo wa 2007 wa madisiki oposa 100,000, anapeza kuti disiki imene yaonetsa cholakwika choyamba poyesedwa inali ndi mwayi wofa m'masiku 60 wochuluka ka 39 kuposa inzake. Anapezanso kuti 36 peresenti ya madisiki amene anafa sanaonetse chizindikiro chilichonse cha SMART. Choncho SMART ikadandaula muikhulupirire, koma ikakhala chete musagone tulo.

Ntchito ina yofunika ndi yowerenga gulu lonse nthawi ndi nthawi pamene lili bwino, kuti zigawo zowola zipezeke parity ikadalipo yozikonzera. ZFS imati scrub, makhadi a RAID amati patrol read kapena consistency check. Debian, mtundu wina wa Linux, kwa zaka zambiri yakhala ikuchita zimenezi yokha Lamlungu loyamba la mwezi. ZFS, imene Sun Microsystems inatulutsa mu 2005, ili ndi mwayi wina: imasunga chidindo cha masamu cha kachidutswa kalikonse, kotero makope awiri akasiyana imadziwa lolondola. RAID wamba imangoona kuti pali kusiyana, osadziwa wonama ndani.

Mukaona disiki ikudwala koma isanafe, musaizule. Ikani yatsopano pamalo ena opanda kanthu n'kulamula makina kuti akopere yakaleyo ikadali momwemo. Pa mdadm lamulo lake ndi --replace, pa ZFS ndi zpool replace. Mukatero gulu silikhala pambalambanda ngakhale ola limodzi.

Dzanja likamalowa m'kabati

Magulu ambiri amaphedwa ndi wowachiritsa. Pa /proc/mdstat, pamene Linux imaonetsa mmene gulu lilili, mwaona [UU_U], kutanthauza kuti yachitatu yagwa, ndipo makina akuti dzina lake ndi sdc. Munthu amapita pa seva, amawerenga kuchokera kumanzere, a, b, c, n'kuzula yachitatu. Koma mayina a sda, sdb, sdc satsata malo a m'kabati, ndipo amatha kusintha seva ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso. Akazula yamoyo pa RAID 5 imene yataya kale imodzi, gulu lonse limagwa m'manja mwake. Chodalirika ndi serial number. Ilembeni papepala, yatsani kagetsi kolozera malo ngati seva ili nako, ndipo yerekezani nambalayo ndi ya pa disiki. Ine ndimamata kapepala ka manambala anayi omaliza kutsogolo kwa kabati kalikonse tsiku loika seva.

Pa RAID 1 ya Linux pali kamsampha kena: mafayilo amakopedwa pa madisiki onse awiri, koma kapulogalamu koyambitsa kompyuta, GRUB, nthawi zina kamakhala pa yoyamba yokha. Yoyambayo ikafa seva imapitiriza kuyenda, mpaka tsiku limene magetsi azima, ndiye osadzukanso.

Khadi la RAID nalo limafa. Mukaika lina, limaona madisiki n'kunena kuti lapeza foreign configuration, n'kufunsa ngati mukufuna import (kutenga dongosolo lakale) kapena clear (kulifufuta). Yankho ndi import. Ndipo ngati madisiki awiri agwa pa RAID 5, manja m'thumba kaye. Musalamule initialize, musalamule mdadm --create poganiza kuti imanganso zakale. Kawirikawiri disiki yachiwiriyo sinafe yonse, yangolephera malo ochepa. Ikopereni pa ina ndi pulogalamu ya ddrescue, ndipo zoyesa zonse muchitire pa makopewo. Madzi akatayika saoleka, koma nthawi zambiri pamene foni ikulira amakhala asanatayike onse; amawataya ndi munthu wa phuma.

Magetsi, moto ndi chala cha munthu

RAID 5 ndi 6 zili ndi chilema pa nkhani ya magetsi. Kusintha kachidutswa kamodzi kumafuna kulemba pawiri kapena patatu: deta yeniyeniyo ndi parity yake. Magetsi akazima pakati pa ziwirizi, mzere wa pansi m'kope muja sugwirizananso ndi manambala a pamwamba, ndipo cholakwikacho chimadzaonekera pomanganso. N'chifukwa chake makhadi a RAID amakhala ndi kabatire kapena kapasita kosunga zimene zinali zisanalembedwe. Kabatireko kamakalamba pakapita zaka zingapo, ndipo kakafooka khadi limasiya kusungiza zolemba, seva n'kuyamba kuchedwa popanda chifukwa chooneka. Amene tinakhala m'Malawi pambuyo pa namondwe Ana mu Januwale 2022, pamene siteshoni ya Kapichira inawonongeka ndipo dziko linataya pafupifupi ma megawatt 130, tikukumbukira mmene magetsi ankazimira tsiku ndi tsiku. UPS, bokosi la batire lothandiza magetsi akazima, imene imangolira mpaka batire kutha siithandiza seva. Iyenera kulumikizidwa ndi chingwe kuti iuze seva izime yokha mwaulemu batire isanathe.

Ndipo pali zambiri zimene RAID siziona n'komwe. Wina akafufuta foda molakwitsa, imafufutika pa madisiki onse pa kamphindi komweko. Ransomware, pulogalamu ya akuba ofuna dipo, ikatseka mafayilo, RAID imasunga mokhulupirika mafayilo otsekedwawo, ndi parity yake yomwe. Pa 10 Malichi 2021 moto unapsereza nyumba ya maseva ya SBG2 ya kampani ya OVHcloud ku Strasbourg, ku France, ndipo makasitomala amene makope awo onse anali pamalo omwewo anataya zinthu zawo. Lamulo lakale la 3-2-1 likadali lothandiza: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumbayo. Ku ofesi ya timagetsi tachikasu kuja, chimene chinapulumutsa theka la ntchito ndi disiki ya USB imene wa akawunti wina ankakoperapo mafoda ake Lachisanu lililonse, mosauzidwa ndi aliyense, n'kumapita nayo kunyumba m'chikwama.

Titaika seva yatsopano kumeneko, madisiki asanu ndi imodzi pa RAID 6 ndi ina m'kabati, sitinaikemo mafayilo tsiku loyamba. Ndinaitana mayi wa pa risepushoni uja ndi wa akawunti, ndipo ndinazula disiki imodzi iwo akuona. Makina analira. Tinadikira kuti tione ngati imelo ifika ku maadiresi atatu amene tinaika, imodzi mwa iwo ya ofesi osati ya munthu. Inafika pa awiri. Yachitatu inakagwera ku spam, ndipo tinakonza. Ndinabwezera disikiyo n'kuwerenga maola amene kumanganso kunatenga, ndipo nambalayo tinailemba papepala limodzi ndi ma serial number, kumene kuli kiyi wa kabati, ndi foni yoimba kagetsi kakasintha mtundu. Pepalalo tinalimata pa chitseko cha kachipindako, kunja kwake, pamene aliyense wopita kukatenga mapepala a fotokope amaliona.